Kupima mtembo: zimene zimachitika patebulo ndi ku labotale

[Pa sikirini: chitseko cha nyumba ya chisoni. Mawu olembedwa: "Vidiyoyi ikukamba za imfa. Zithunzi zonse ndi zojambula pamanja."]

Moni owonera nonse. Munthu akamwalira mwadzidzidzi, achibale amauzidwa zinthu ziwiri zimene zimawasowetsa mtendere. Choyamba: "Thupi lipimidwe kaye." Chachiwiri chimabwera pambuyo pake: "Tikudikira zotsatira za ku labotale." Maliro amaikidwa, masabata amadutsa yankho osabwera, ndipo anthu amayamba kunong'onezana kuti pali chimene chikubisidwa. M'vidiyoyi tikuyendetsani mu ntchito yonseyi, kuyambira pamene thupi lalandiridwa mpaka pamene dokotala wasaina lipoti. Muona kuti mbali yaikulu ya yankho imapezeka kapena kutayika m'maola oyambirira, makina a ku labotale asanayatsidwe n'komwe.

Kupima mtembo kulipo mitundu iwiri. Kwina kumachitika munthu akamwalira ndi matenda m'chipatala, madokotala akufuna kudziwa chimene chinawaphonya, ndipo pamafunika chilolezo cha achibale. Kwinako n'kwa lamulo: imfa ya ngozi, yokayikitsa, yadzidzidzi, kapena ya munthu amene anali m'manja mwa boma. M'maiko ambiri pa mtundu wachiwiriwu amalamula ndi akhothi kapena apolisi, ndipo achibale sangakanize. Tikhazikika kwambiri pa mtundu umenewu.

[Pa sikirini: fuliji ya mitembo, chida choyezera kuzizira chikuloza 4]

Thupi likafika limapatsidwa nambala, n'kuikidwa mu fuliji yozizira pakati pa madigiri 2 ndi 4. Kuzizira kumeneku kumangochedwetsa kuwola, sikuletsa. Ndipo thupi siliyenera kuuma ngati ayezi, chifukwa ayezi amang'amba timaselo, zimene zimasokoneza zoona pa maikulosikopu.

Mpeni usanagwiridwe, dokotala amawerenga. Munthuyu anapezeka kuti, atagona motani? Ankamwa mankhwala anji? Pafupi naye panali botolo lanji? Achipatala anamuchita chiyani? Izi si zongodzazira fomu. Mwachitsanzo, munthu amene anapsinjidwa pachifuwa pofuna kumutsitsimutsa kawirikawiri amathyoka nthiti zakutsogolo. Dokotala amene sanauzidwe zimenezi angathe kulemba kuti munthuyo anamenyedwa, mlandu n'kugwera wosalakwa.

[Pa sikirini: chojambula cha thupi, kutsogolo ndi kumbuyo]

Kuyang'ana kunja kwa thupi kumatha kudya nthawi yochuluka kuposa kung'amba. Zovala zimayang'anidwa zisanavulidwe, kuti boowo la pa malaya lifananizidwe ndi bala la pathupi. Thupi limayezedwa msinkhu ndi kulemera kwake. Bala lililonse limajambulidwa pali rula pambali, n'kulembedwa kutalika, kuya, ndi mtunda wake kuchokera ku chidendene. Zikope zimatembenuzidwa kufuna timadontho tofiira tamagazi, timene timaoneka khosi likafinyidwa, ngakhale kuti timabweranso ndi zifukwa zina. Zikhadabo zimawengedwa n'kusungidwa. Pakakhala chipolopolo, kapena ngati womwalirayo ndi khanda, thupi limajambulidwa kaye pa X-ray kapena CT.

Pali zizindikiro zitatu zimene imfa yokha imalemba pathupi. Mtima ukaima, magazi amatsikira kumbali imene ili pansi, khungu n'kusanduka lofiirira chakuda. Zimayamba kuoneka pasanathe maola 2, ndipo pakatha maola 8 mpaka 12 mtunduwo umakhazikika, osasunthanso. Ndiye ngati munthu wapezeka chafufumimba koma mtunduwo uli kumsana, dziwani kuti wina anatembenuza thupilo. Mtundu wakewo umayankhulanso: ukakhala wofiira kowala, dokotala amaganizira mpweya wapoizoni wa mu utsi wotchedwa carbon monoxide, poizoni wa cyanide, kapena kuzizira kwambiri.

Chachiwiri ndi kuuma kwa minofu. Kumayambira m'nsagwada ndi m'khosi patapita maola 2 mpaka 4, kumafika thupi lonse chapamaola 12, kenako kumamasuka pakadutsa tsiku limodzi ndi theka kapena awiri. Chachitatu ndi kuzizira kwa thupi. Anthu ambiri amakhulupirira kuti ndi zizindikiro zimenezi dokotala angatchule ola lenileni limene munthu anamwalira. Sizitheka. Kutentha kwa malo, zovala, kunenepa ndi malungo amene munthu anali nawo zimasintha zonsezi. Dokotala woona mtima amapereka mpata wa maola angapo, ndipo mpatawo umakula masiku akamapita.

[Pa sikirini: mzere wooneka ngati chilembo Y ukujambulidwa pachifuwa]

Pong'amba, ambiri amayambira paphewa lililonse, mizere iwiri n'kukumana pansi pa fupa la pachifuwa, kenako mzere umodzi kutsika mpaka pachinena, molambalala mchombo. Nthiti zimadulidwa m'mbali, chifuwa n'kutseguka. Apa dokotala wabwino amaima kaye, osachotsa kanthu. Amayang'ana ngati chiwalo chilichonse chili pamalo pake. Magazi kapena madzi amene ali m'chifuwa ndi m'mimba amatungidwa n'kuyezedwa m'mamililita. Mtsempha waukulu wopita ku mapapo umatsegulidwa ukadali pamalo, chifukwa ngati muli chibulumwa cha magazi chimene chinatseka njira, chitha kugwa n'kutayika ziwalo zikamanyamulidwa.

Pamenepa pali msampha. Magazi amaundananso munthu atafa kale. Oundana pambuyo pa imfa amakhala ofewa, onyezimira, osamata ku khoma la mtsempha, pamwamba pake pachikasu ngati mafuta a nkhuku. Oundana munthu ali moyo amakhala ouma, otuwa, ofumbutuka, ndipo nthawi zambiri amakhala atapindikapindika potengera mtsempha wa m'mwendo umene anachokera. Kusokoneza ziwirizi ndiko kulemba imfa yabodza.

Njira zochotsera ziwalo zimatchulidwa ndi maina a madokotala akale. Ya Rudolf Virchow wa ku Berlin ndi yochotsa chiwalo chimodzichimodzi. Ya Maurice Letulle wa ku Paris ndi yochotsa zonse pamodzi, kuyambira lilime mpaka kumatumbo akumunsi, n'kuzipatula patebulo. Yoyambayo ndi yachangu, yachiwiriyo imasunga bwino kulumikizana kwa ziwalo.

[Pa sikirini: sikelo, manambala akusintha]

Chiwalo chilichonse chimakwera pasikelo. Mwa munthu wamkulu, mtima umalemera magalamu 250 mpaka 350, ubongo 1,300 mpaka 1,400, chiwindi pafupifupi 1,500, impso imodzi pafupifupi 150. Mtima wa magalamu 550 ukukuuzani kuti unagwira ntchito yolemetsa kwa zaka, kawirikawiri chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Mapapo olemera kawiri kuposa muyezo, otuluka thovu powadula, amaloza ku kumira m'madzi, kulephera kwa mtima, kapena mankhwala monga heroin amene amafooketsa kupuma.

Mitsempha yodyetsa mtima imadulidwa mopingasa, mamilimita 3 mpaka 5 aliwonse, kuti pasaphonyeke pamene patsekeka. Njira ikachepa ndi magawo atatu mwa anayi, imatha kupha. Koma tamverani ichi: munthu akamwalira mphindi zochepa mtsempha utatsekeka, mnofu wa mtima umaoneka wabwinobwino, chifukwa kufa kwa mnofu kumatenga maola ambiri kuti kuoneke ndi maso. Dokotala amadalira mitsempha yotsekekayo, mbiri ya wodwala, ndi kusapezeka kwa chifukwa china.

Kumutu, khungu limadulidwa kuchokera kuseri kwa khutu lina kudutsa pamwamba mpaka kuseri kwa linalo, kuti tsitsi lidzabise msoko. Nkhope sidulidwa. Chibade chimatsegulidwa ndi macheka amagetsi onjenjemera. Ubongo watsopano ndi wofewa kwambiri, choncho pakafunika kuuunika mozama umaviikidwa mu formalin, mankhwala amadzi oletsa kuwola, kwa masabata awiri kuti ulimbe. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene lipoti limachedwera.

Khosi limasiyidwa komaliza, ndipo pali chifukwa. Ubongo ndi ziwalo za m'chifuwa zikachoka, magazi a m'mitsempha ya m'khosi amakhetseka. Mukayamba ndi khosi magazi akadali odzaza, amatayikira m'minofu n'kuoneka ngati mikwingwirima ya munthu wopotoledwa. Akakhetseka, minofu imasendedwa umodziumodzi, n'kuyang'ana kafupa ka pansi pa lilime ndi kholingo ngati zathyoka.

Ku chiwalo chilichonse amadulako kanyama kakang'ono, osaposa chikhadabo, n'kukaika mu formalin wa 10 peresenti, wochuluka kakhumi kuposa kanyamako. Kenako kamaumitsidwa m'phula, kudulidwa mopyapyala kuposa tsitsi (mamaikulomita 4 kapena 5), kupakidwa utoto, n'kuonedwa pa maikulosikopu. Apa ndi pamene chibayo chobisika, TB, kutupa kwa mnofu wa mtima, kapena tizilombo ta malungo todzaza m'timitsempha ta ubongo timaonekera. Ziwalo zotsala zimabwezeredwa m'thupi, thupi limasokedwa n'kusambitsidwa. Ntchito ya patebulo imatenga maola 2 mpaka 4. Achibale ali ndi ufulu wofunsa chimene chasungidwa ndi chifukwa chake, ndipo ayenera kuyankhidwa momveka.

[Pa sikirini: mabotolo ang'onoang'ono ondandalikidwa, lililonse ndi chizindikiro chake]

Tsopano tifike pa kufufuza poizoni ndi mankhwala. Apa ndi pamene zinthu zimalakwika kwambiri, ndipo zimalakwikira patebulo pomwepa, osati ku labotale.

Magazi oyezera kuchuluka kwa mankhwala amatengedwa mu mtsempha wa m'ntchafu, pamphechepeche, pafupifupi mamililita 10, mtsemphawo utamangidwa chakumtunda. N'chifukwa chiyani osangotunga mumtima momwe muli ambiri? Munthu ali moyo, mankhwala ambiri amaunjikana m'mapapo, m'chiwindi ndi mu mnofu wa mtima. Akafa, timaselo timasweka, mankhwalawo n'kutulukira m'magazi apafupi. Otsalira m'chifu nawonso amadutsa khoma. Ndiye magazi a mumtima amatha kuonetsa amitriptyline (mankhwala a matenda okhumudwa) kapena digoxin (mankhwala a mtima) wochuluka kangapo kuposa amene anali kuzungulira munthuyo akupuma. Munthu amene ankamwa mankhwala ake monga anauzidwira angaoneke ngati anadzipha. Ntchafu ili kutali ndi ziwalozi, choncho magazi ake sasintha kwambiri. Wotenga asakame mwendo pofuna kuonjezera, ndiponso asatunge magazi otayikira m'chifuwa, chifukwa amakhala atasakanikirana ndi zam'chifu.

Magaziwo amathiridwa m'botolo lokhala ndi sodium fluoride wa 1 mpaka 2 peresenti. Popanda mankhwala amenewa, tizilombo timadya shuga wa m'magazi n'kupanga mowa, ndipo munthu amene sanalawepo mowa amapezeka nawo. Cocaine nayenso amapitiriza kusweka m'botolo mpaka kutha. Botolo lidzazidwe, chifukwa mpata wa mpweya pamwamba umathawitsa mowa. Lisungidwe pa madigiri 4, kapena pa madigiri 20 pansi pa ziro ngati lichedwa.

[Pa sikirini: chojambula cha diso, singano yopyapyala ikulowera chakumbali]

Chachiwiri ndi madzi a m'diso. Singano imalowera pangodya yakunja, n'kukoka pang'onopang'ono mamililita 2 kapena kuposerako pang'ono m'diso lililonse, kenako mumabwezeredwa madzi amchere kuti diso lisafwape. Madzi amenewa ndi amtengo wapatali chifukwa ali kutali ndi matumbo, kumene kuwola kumayambira. Mowa ukapezeka m'magazi koma m'diso ndi mumkodzo mulibe, mwachidziwikire unapangika pambuyo pa imfa. Shuga wochuluka m'diso amaulula matenda a shuga amene palibe ankawadziwa. Mchere ndi urea (zoipa zimene impso zimachotsa m'magazi) zimaulula kutha madzi m'thupi kapena kufa kwa impso. Zonsezi mpeni sungazione.

Amatenganso mkodzo m'chikhodzodzo. Mkodzo umasonyeza kuti munthu anamwa chakuti, koma sunena kuti chinamugwira motani pa ola la imfa. Chiwindi chimadulidwa mkati mwenimweni mwa mbali yakumanja, kutali ndi chifu ndi ndulu. Zam'chifu zimatsanulidwa zonse n'kuyezedwa, kuyang'ana zidutswa za mapiritsi, masamba, mtundu wachilendo ndi fungo. Fungo la adyo limakumbutsa aluminium phosphide, mankhwala ofukizira mbewu zosungidwa, amene mpweya wake ungadwalitse ngakhale opima mtembowo. Fungo la palafini limaloza ku mankhwala ophera tizilombo m'munda. Tsitsi limametedwa kunkhongo, pafupi ndi khungu, n'kumangidwa kuti kudziwike kumene kuli kumizu. Limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, choncho masentimita 6 ndi mbiri ya theka la chaka.

Zinthu ziwiri zimaononga ntchito yonseyi. Choyamba ndi kuika mu formalin zotengedwa m'thupi zokayezedwa poizoni. Chachiwiri ndi kubaya thupi mankhwala oletsa kuwola lisanapimidwe. Mankhwalawo amakankha magazi kunja, amasintha mankhwala amene anali m'thupi, ndipo mwa iwo okha muli methanol, mtundu wa mowa wapoizoni. Ngati pali chikayiko chilichonse pa imfa ya m'bale wanu, thupi lisabayidwe lisanapimidwe.

Palinso chinthu chimene chimaiwalika kawirikawiri. Munthu amene wamwa paracetamol wochuluka samwalira tsiku lomwelo. Chiwindi chimafa pang'onopang'ono kwa masiku atatu kapena kuposerapo, ndipo pofika nthawiyo mankhwalawo atha m'magazi. Umboni uli m'kabotolo ka magazi kamene anatengedwa tsiku logonekedwa m'chipatala, ndipo ma labotale a zipatala amataya timabotoloti pakangopita masiku ochepa. Wofufuza wochangamuka amakapempha msanga.

Botolo lililonse limamatidwa chidindo, kulembedwa nambala, malo amene chatengedwa, tsiku ndi ola. Aliyense wolilandira amasaina. Pakasowa siginecha imodzi, loya kukhothi amafunsa kuti magaziwo ndi a yani, ndipo zotsatira zabwino zimatha kukanidwa.

[Pa sikirini: makina a labotale, mizere yosongoka ikutuluka pakompyuta]

Ku labotale ntchito imayenda pawiri. Koyamba ndi kusesa mwachangu ndi njira ya immunoassay, imene imayankha kuti "gulu lakuti lilipo" kapena "palibe". Imathamanga, koma imanamizika. Pseudoephedrine wa m'mankhwala a chimfine angaoneke ngati amphetamine. Efavirenz, mankhwala a HIV, amaoneka ngati chamba pa zida zina. Ndipo chida chofufuza morphine, mankhwala amphamvu opha ululu, sichiona mnzake wotchedwa fentanyl. Choncho chotsatira cha gawo ili si umboni.

Umboni umabwera pa gawo lachiwiri. Mankhwala amasululidwa kuchoka m'magazi, n'kulowetsedwa m'makina a GC-MS kapena LC-MS/MS. Mbali yoyamba ya makinawa ndi kapaipi kamene kamalekanitsa zinthu, china kutuluka msanga, china mochedwa. Mbali yachiwiri imaswa chilichonse chotuluka n'kuyeza zidutswa zake, ndipo mankhwala aliwonse amasweka mwanjira yawoyawo. Nthawi yotulukira ndi zidutswazo zikagwirizana ndi mankhwala enieni odziwika amene labotale yasunga, ndiye kuti atsimikizika, ndipo kuchuluka kwake kumawerengedwa. Mowa umayezedwa potenthetsa kabotolo kotseka n'kutenga nthunzi ya pamwamba. Zitsulo monga lead, arsenic ndi mercury zimafuna makina ena. Carbon monoxide amayezedwa poona gawo la magazi limene wagwira: wosuta fodya kwambiri angafike 10 peresenti, pamene kupitirira 50 peresenti kawirikawiri kumapha. Mtembo wopezeka m'nyumba yopsa ukakhala wopanda mwaye m'kholingo, carbon monoxide n'kukhala wochepa, dokotala amafunsa ngati munthuyo sanafe moto usanayambe.

Luso lotsimikizira poizoni m'thupi si lakale kwambiri. James Marsh wa ku England adatulukira njira yopezera arsenic mu 1836, ndipo mu 1840 katswiri wa zapoizoni Mathieu Orfila adaigwiritsa ntchito ku France pa mlandu wa Marie Lafarge, amene ankaganiziridwa kuti adapha mwamuna wake, n'kupeza arsenic m'thupi la mwamunayo. Makina a lero amaona zochepa kwambiri kuposa pamenepo, komabe labotale imapeza chokhacho chimene yafufuza. Palibe makina amene amayeza "poizoni yense". Mu Novembala 2006, Alexander Litvinenko, yemwe kale adali kazitape wa dziko la Russia, adadwala kwa masabata atatu ku London, madokotala akuganizira poizoni wa thallium. Poizoni weniweniyo, wa zanyukiliya wotchedwa polonium-210, adadziwika iye atatsala pang'ono kumwalira, mkodzo wake utatumizidwa ku labotale ya zanyukiliya ku Aldermaston. Ndiye lipoti likati "sitinapeze poizoni", funso lotsatira likhale lakuti: munafufuza ziti? Poizoni wa zomera zambiri, insulin, ndi mankhwala ozunguza bongo ongotuluka kumene sizikhala pa mndandanda wa masiku onse. N'chifukwa chake botolo lopezeka pambali pa womwalira liyenera kupita limodzi ndi magazi.

Nambala ikatuluka, imafunanso kutanthauziridwa. Morphine amene angaphe munthu wosazolowera, wodwala khansa amene wamwa kwa miyezi amakhala naye akucheza bwinobwino. Mowa wa mamiligalamu 80 pa mamililita 100 a magazi ndi malire oyendetsera galimoto m'maiko ena, ndipo kupitirira 350 kapena 400 kungaphe pakokha. Koma mowa wochepa kuposa apo, ukaphatikizana ndi mankhwala ogonetsa a diazepam kapena opha ululu a codeine, umaimitsa kupuma. Heroin amasweka m'mphindi zochepa kukhala 6-MAM, kenako morphine, choncho 6-MAM akapezeka m'diso kapena mumkodzo ndiye umboni woti anali heroin, osati morphine wa kuchipatala.

[Pa sikirini: fomu ya lipoti, mzere wa chifukwa cha imfa]

Dokotala amaphatikiza za pamalo a imfa, za patebulo, za pa maikulosikopu ndi za ku labotale, n'kulemba unyolo wa zifukwa: kutaya magazi m'chifuwa, kobwera chifukwa cha bala la mpeni lofika kumtima. Mawu akuti "mtima unasiya kugunda" si chifukwa cha imfa, pakuti aliyense womwalira mtima wake unasiya kugunda. Mukalandira lipoti lolembedwa zokhazo, funsani chimene chinauimitsa. Nthawi zina zonse zimachitika bwino koma chifukwa osapezeka, makamaka pa khunyu ndi pa matenda obadwa nawo a kagundidwe ka mtima, amene sasiya chizindikiro. Zikatero lipoti limanena poyera kuti chifukwa sichinadziwike, ndipo ndi bwino abale a magazi amodzi apimidwe mtima.

Achibale osakhutira angapemphe kupima kachiwiri kwa dokotala wina. Adziwiretu kuti wachiwiriyo amapeza ziwalo zodulidwa kale, magazi atakhetseka, kuwola kutapita patsogolo. Chimene chimamuthandiza kwambiri ndi zithunzi za kupima koyamba, timagalasi ta pa maikulosikopu, ndi mabotolo otsala mu fuliji ya labotale. Ma labotale amasunga mabotolowa kwa nthawi yoikika, ikatha amawataya, choncho kalata yopempha kuti asungidwe ilembedwe msanga, ndipo itchule nambala ya thupi.